Malo a Bambo pa Sikelo ya Ana

Pa makoma a zipatala zambiri za kumidzi pamakhala zithunzi zophunzitsa za umoyo. Pa zithunzi zimenezi pamaoneka mayi akuyamwitsa, mayi akuphika phala, kapena mayi atabereka mwana pa mzere wa katemera. Bambo saonekapo kawirikawiri. M'masewero ndi m'nthabwala za pabwalo, bambo akatchulidwa amakhala munthu wa ku mowa, wobisa ndalama za fodya, kapena wongokhala pa khonde kudikira nsima. Mnyamata amene wakula akuona zotere amaphunzira kuti umoyo wa mwana ndi nkhani ya akazi okha, ndipo akadzabereka wake amachita manyazi kupita naye ku sikelo.

Maganizo amenewa ali ndi magwero ake. Pa mwambo wa chikamwini, pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, ana amawerengedwa ku mtundu wa mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Komanso kwa zaka zambiri amuna ochuluka ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, nasiya akazi akulera okha ana. Motero anthu anazolowera kuona bambo ngati munthu wongotumiza ndalama ndi mabulangete.

Vuto lake ndi lakuti m'mabanja ambiri ndalama ndi njinga zili m'manja mwa bambo. Mwana akatentha thupi usiku, bamboyo ndiye amalamula ngati apite kuchipatala kapena adikire kuche. Ngati sadziwa zizindikiro zoopsa, monga kukomoka, kukana kuyamwa, kusanza chilichonse, kupuma mobanika ndi kulefuka kwambiri, adzati adikire. Chonsecho malungo angathe kupha mwana wamng'ono m'tsiku limodzi kapena awiri.

Ntchito ya bambo imayamba mwana asanabadwe. Mayi woyembekezera amayezedwa magazi kuti aone ngati ali ndi chindoko kapena kachilombo ka HIV. Mayi akalandira yekha mankhwala a chindoko mwamuna osalandira, matendawo amabwereranso, ndipo angathe kupha mwana m'mimba. Nchifukwa chake onse awiri ayenera kupita limodzi. Bambo adziwenso kuti mbewu yake ndiyo imachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi, choncho kunyoza mkazi chifukwa chobala atsikana okhaokha nkulakwa.

Mwana akabadwa ayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi 6, osapatsidwa phala ngakhale madzi. Mayi angakwanitse zimenezi ngati akudya mokwanira ndi kupumula, ndipo apa bambo athandize kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kusunga mazira, nyemba ndi mtedza m'malo mogulitsa zonse. Ngakhale lamulo la ntchito la m'Malawi, kuyambira m'chaka cha 2021, limapatsa bambo wolembedwa ntchito tchuthi cha masabata 2 mwana akabadwa.

Masiku a katemera nawonso bambo awadziwe. Katemera wa chifuwa chachikulu amaperekedwa mwana akangobadwa. Wina amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Mwana akatsegula m'mimba, bambo angathe kusungunula yekha paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino ndi kumamwetsa mwanayo pang'onopang'ono ali pa ulendo wa kuchipatala.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mafumu, alangizi a zaumoyo ndi amayi omwe a pa mzere ayenera kulandira bwino bambo wobwera ndi mwana, osamuseka kapena kunena kuti anadyetsedwa mankhwala. Tsiku la sikelo yotsatira limalembedwa m'kabuku ka mwana. Bambo aliyense atsegule kabukuko, ndipo ngati sadziwa kuwerenga afunse mlangizi.