Dimba la pasukulu ku Nkhamenya

Ndikamadutsa pa Nkhamenya, pamsewu wa M1 wochoka ku Kasungu kupita ku Mzimba, ndimaona zigafa za fodya mbali zonse. Fodya amabweretsa ndalama, inde, koma saphikidwa. Anthu a ku Kasungu sanaiwale njala ya 2002, imene inachotsa ana ambiri m'kalasi. William Kamkwamba wa ku Wimbe anali mmodzi mwa iwo.

N'chifukwa chake ndimalimbikira nkhani ya dimba la pasukulu. Ana athu amalemba phunziro la ulimi pamayeso a Sitandade 8, koma ambiri amangoliloweza pabolodi. Apatseni bedi la mpiru, mzere wa soya ndi ndowa yothirira. Mwana akazula soya n'kuona timatuza ta m'mizu, amamvetsa yekha mmene mbewuyi imabwezera chonde m'nthaka yotopa ndi fodya, ndiponso chifukwa chake timachita kasinthasintha wa mbewu. Manyowa a Mbeya nawo ndi phunziro lathunthu: madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba kwa masiku 21. Masamu ali momwemo, sayansi ilinso momwemo.

Chimene ndimadana nacho n'kusandutsa dimba kukhala chibalo cha wochedwa. Mwana wotero amakula akuliona khasu ngati mdani. Zokolola nazonso zizilowa m'phala la ana, zisamathere kunyumba za aphunzitsi.

Makolo, komiti ya sukulu ndi inu mafumu, perekani malo pafupi ndi mjigo, mumange mpanda mbuzi zisanamasulidwe, ndipo mugawane masiku othirira pa holide.