Mau a pa paketi ya mbeu: tiyeni timvane, alimi anzanga

Sabata yatha pa wailesi tinalandira kalata ya bambo wina wa ku Domue. Iye anadandaula kuti anagula mbeu ya kaloti, nkufesa pa nazale, nkuwokera bwinobwino monga achitira ndi kabichi. Pokumba anapeza mizu yopindikapindika, ina ya mphanda, moti pamsika panalibe wogula. Pa paketi panalembedwa kuti "sementeira directa", koma panalibe womumasulira.

Abale, vuto limeneli ndi lathu tonse a m'malire. Mbeu yogula ku Ulongwe imabwera ndi Chipwitikizi, yogula ku Dedza kapena ku Lizulu imabwera ndi Chingerezi, pamene ife kudimba timalankhula Chichewa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsono lero tiyeni timasulirane mau a Chipwitikizi amene amatisokoneza kawirikawiri.

Tiyambe ndi kufesa. "Viveiro" ndiye nazale, malo olerera mbande. "Transplante" ndiko kuwokera. Tomato, kabichi ndi anyezi amayambira pa nazale. Tomato amawokeredwa patatha pafupifupi masabata 4, anyezi akafika unenepa wa pensulo. Koma "sementeira directa" ndiko kufesa pomwe mbeu idzakulire mpaka kukolola. Kaloti ndi nyemba zimafuna chotero. Muzu wa kaloti ukasokonezedwa uli waung'ono suwongokanso, ndicho chinawagwetsa bambo aja. Zikamera mothithikana mumachita "desbaste", kupatulira: kuzula zofooka kuti zotsala zipeze mpata.

"Compasso" ndi mipata ya pobzala. Mukaona 60 x 40 cm, kawirikawiri nambala yoyamba ndi mpata wa pakati pa mizere, yachiwiri ndi wa pakati pa mbeu mumzere umodzi. Dulani timitengo tiwiri ta miyeso imeneyi, tizikhala kudimba komweko.

Tsono pali liwu limodzi lokhala ndi nkhope ziwiri: "cobertura". Mlangizi akati "cobertura morta", akunena kuphimbira nthaka ndi udzu wouma kapena mapesi kuti chinyezi chisathawe. Koma akati "adubação de cobertura", akunena feteleza wachiwiri, wothira mbeu itakula kale, amene timamutcha wobereketsa. Woyamba uja, wokulitsa, wothira pobzala, ndiye "adubação de fundo". Munthu wosamvetsa angathe kukamweta udzu pamene auzidwa kukagula ureya.

Nanga manambala a pa thumba, monga 12-24-12? Amenewa akusonyeza kuchuluka kwa zakudya zitatu za mbeu, N, P ndi K, motsatana chomwecho. N amakulitsa masamba ndi kuwabiriwitsa, P amalimbitsa mizu, K amathandiza zipatso ndi mbatata kukhwima bwino. Nambala ya pakati ndiyo yaikulu, nchifukwa chake feteleza ameneyu ngwothira pobzala, pamene mizu ikuyamba. Ureya ali ndi N yekha, magawo 46 pa 100 alionse. Mukamuchulukitsa pa tomato mudzakolola masamba. Ndipo "estrume curtido" ndi manyowa owola bwino. Ndowe zaziwisi zimawotcha mbande.

Chilembo F1 kapena liwu loti "híbrido" likutanthauza mbeu ya haibulidi. Imabereka kwambiri chaka choyamba, koma njere zimene mungasunge kuchokera pa zokolola zake sizifanananso ndi make. Yang'ananinso "validade", tsiku limene mbeu ithera mphamvu, musanapereke ndalama.

Kwa okonda mitengo ya zipatso ndi maluwa a pakhomo: "poda" ndiko kudulira nthambi, "enxertia" ndiko kumezanitsa, monga achitira ndi mapichesi ndi mango, ndipo "estaca" ndi kanthambi kodula kobzala, monga tichitira ndi chinangwa. Duwa la m'chitini limafuna "drenagem", njira yotulukira madzi. Boolani pansi pa chitini, apo ayi mizu idzawola.

Koma mau amene ndikupempha kuti musawaiwale ndi awa: "intervalo de segurança". Ali pa botolo la mankhwala opopera. Ndi masiku amene ayenera kudutsa kuchokera tsiku lopopera kufikira tsiku lothyola. Mankhwala alionse ali ndi masiku akeake. Wothyola masikuwo asanakwane akudyetsa poizoni ana ake ndiponso ogula ku Calómuè ndi ku Biriwiri. Kutsuka ndi madzi sikuchotsa onse. Ngati simutha kuwerenga, muitaneni mwana wa sukulu akuwerengereni nambalayo, ndipo mulembe tsiku lopopera ndi khala pakhoma.

Bambo a ku Domue, pepani ndi zimene zinakugwerani, koma kalata yanu yathandiza ambiri. Chaka chino fesani kaloti pabedi pomwepo. Nanunso awerengi, mukapeza mau achilendo pa paketi kapena pa botolo, akopereni pa pepala monga alembedwera, mutitumizire. Tidzawamasulira patsamba lino.