Makina ovotera amakalamba, ndipo wolipira ndi khonsolo

Mu April 2015 bungwe loyang'anira zisankho m'chigawo cha Virginia, ku America, linaletsa makina ovotera otchedwa WINVote. Akatswiri atawaunika anapeza kuti mawu achinsinsi otetezera netiweki yake anali "abcde", moti munthu wokhala m'galimoto panja pa malo ovotera akanatha kuwalowa osawakhudza n'komwe. Nyuzipepala zinakangamira pa "abcde" ameneyo. Koma ife a ntchito yoyendetsa zisankho chinatiwawa n'chimene chinatsatira. Makhonsolo pafupifupi 30 anauzidwa kuti apeze makina ena, pomwe aphungu a chigawocho anali atangokana madola 28 miliyoni amene bwanamkubwa Terry McAuliffe anapempha kuti agulire makina atsopano.

Bodza limene ndatopa nalo ndi lakuti makina ovotera ali ngati mlatho, ukamanga wamanga. Bodzali lili ndi kochokera. Chisankho cha 2000 chitasokonekera ku Florida, kumene George W. Bush anapambana ndi mavoti 537 okha, aphungu a ku Washington anakhazikitsa lamulo la Help America Vote Act mu 2002, ndipo anagawira zigawo madola oposa 3 biliyoni. Dziko lonse linagula makina nthawi imodzi, ndiye anakalambanso nthawi imodzi. Mu 2015 bungwe la Brennan Center for Justice linapeza kuti pa chisankho cha 2016 zigawo 43 mwa 50 zikhala zikugwiritsa ntchito makina a zaka khumi kapena kuposa, ndipo ena oyendetsa zisankho ankasaka zipangizo zakale pa eBay. Ndalama zina zooneka zinadzabwera mu 2018, madola 380 miliyoni, zoti dziko lonse ligawane. Kwathu kuno zonse zili m'manja mwa bungwe la MEC, koma ku America nthawi zambiri chisankho amayendetsa ndi ma county, omwe tingawayerekeze ndi makhonsolo athu. Thumba logulira makina ndi lomwelo lokonzera misewu ndi kulipira apolisi, ndipo khansala sawomberedwa m'manja chifukwa chogula chinthu chimene anthu amachiona tsiku lovota lokha.

Ena amafunsa kuti chinthu chogwira ntchito kawiri pachaka chingathe bwanji. Chimathera mosungiramo momwemo. Batire imafa, guluu wogwira galasi lodinapo amauma mpaka munthu akadina dzina ili chizindikiro chimagwera pa dzina lina, ndipo pulogalamu yake imasiyidwa ndi eni ake, monga Microsoft inasiyira Windows XP mu 2014. Vuto limakula pa makina a mtundu wa DRE amene amasunga voti m'kompyuta mokha popanda pepala. Akalakwitsa palibe choti muwerengenso.

Ena amati woyendetsa chisankho ndiye alipire, ndipo kugawikana kwa ntchitoyi m'makhonsolo kumateteza dziko chifukwa wakuba sangalowe paliponse ndi kiyi imodzi. Mbali yachiwiriyo ndikuivomereza. Yoyambayo ayi. Los Angeles inadzipangira makina akeake ndi madola pafupifupi 300 miliyoni, pamene khonsolo yakumudzi imamata akale, chonsecho onsewa akusankha pulezidenti mmodzi. Pennsylvania mu 2018 inalamula makhonsolo ake 67 kugula makina osiya pepala, lomwe linali lamulo labwino, koma madola 90 miliyoni owabwezera gawo la ndalamazo anavomerezedwa chaka chotsatira, ena atayamba kale kugula. Georgia mu 2019 inagulira chigawo chonse ndi madola oposa 100 miliyoni, ndipo ngakhale makinawo ali ndi owatsutsa, ndikuona kuti wolamula akamagula yekha amalamula mosamala.

Kwa makhonsolo, malangizo anga ndi ochepa ndipo sangakwanire aliyense. Ikani padera kandalama chaka chilichonse kuyambira tsiku limene makina afika. Werengani mgwirizano mpaka kumapeto, chifukwa laisensi ya pulogalamu ndi kukonzetsa zimalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo makampani akuluakulu ogulitsa ndi atatu okha, choncho pokambirana mtengo mulibe kothawira kwenikweni. Ngati lamulo la chigawo chanu likulola, gulani pamodzi ndi makhonsolo oyandikana nawo, ndipo musalandire makina osasiya pepala loti wovota aliwone ndi maso ake.