Tauni ya Karonga Ikukula: Tisiye Malo a Mseu

Kodi mwaona m'mene tauni yathu ya Karonga yakulira? Kale inali kamudzi chabe m'mbali mwa nyanja. M'chaka cha 1884 kampani ya Mandala inatsegula sitolo pano. Katundu ankabwera pa sitima, choncho anthu ankamanga pafupi ndi madzi.

M'chaka cha 1980 madzi a nyanja anakwera kwambiri. Masiku ano masitolo ambiri ali kumtunda. Nyumba zatsopano zikutsata mseu waukulu wa M1 wopita ku Songwe ndi mseu wa ku Chitipa. Kalembera wa 2008 anapeza anthu opitirira 40,000 m'tauni muno. Pofika 2018 anali atapitirira 60,000.

Tauni ikamakula chotere, imatambalala. Munthu agula malo kuseri kwa nyumba ya mnzake. Wina amanganso kuseri kwa iyeyo. Aliyense amanga mpanda mpaka m'malire. Kamseu kamene kachoka pa mseu waukulu kamathera pakhomo pa munthu, osatulukira kwina.

Vuto lake n'lotani? Taganizani mayi wapakati amene matenda amuyamba usiku. Galimoto ya chipatala ilephera kufika pakhomo, ndiye abale amunyamula mpaka kumseu. Mwana wa sukulu azungulira ulendo wautali, chonsecho sukulu ili pafupi. Mvula ikagwa, mtsinje wa Rukuru ukasefukira, njira imodzi yokhayo ikatsekeka, anthu athawira kuti? Mipope ya madzi ndi mitengo ya magetsi nayonso imatsata mseu. Popanda mseu, sizifika msanga.

Mseu wabwino ndi wokumana ndi mseu unzake. Ukalowa uku, utulukire uko. Pamenepo njira zimachuluka ndipo mtunda umafupika.

Kumbukirani kuti nyumba ikamangidwa panjira, kuigwetsa n'kovuta ndipo kumabweretsa milandu. Nthawi yabwino yosiya malo a mseu ndi pamene nyumba sizinamangidwe.

Tsono anzanga, musanaumbe njerwa, khalani pansi ndi anansi anu pamodzi ndi amfumu. Funsaninso ku ofesi ya khonsolo kumene mseu udzadutse. Siyani mpata woti galimoto ithe kudutsa.

Mafunso okambirana:
1. Kodi galimoto ingafike pakhomo panu?
2. Njira ya kwanu itatsekeka, mungatulukire kuti?