Anamwino abwerera m'kalasi kukaphunzira kuwerenga DNA

Pachipatala cha St Mary's mumzinda wa Manchester ku England, khanda likalowa m'chipinda cha ana odwalitsitsa ndipo madokotala akukayikira kuti m'magazi mwake mwalowa tizilombo, namwino amayamba watenga kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga n'kupukuta mkati mwa tsaya lake. Zimene zamatirira pa thonjelo amaziika m'kabokosi kolowetsa m'makina aang'ono oti munthu atha kuwanyamula m'manja. Pakatha mphindi 26 makinawo amanena ngati mwanayo angabayidwe mankhwala opha tizilombo otchedwa gentamicin kapena ayi.

Ntchitoyi sichitikira ku labotale ayi. Amaigwira ndi namwino wa pa wodi, masana kapena pakati pa usiku, ndipo nthawi imakhala ikumuthamangitsa chifukwa malangizo a kumeneko amati mwana wotere alandire mankhwala ola lisanathe. Pa kafukufuku amene anachitika mu 2020 ku Manchester ndi ku Liverpool, motsogozedwa ndi Pulofesa William Newman, makanda 751 analowa nawo. Atatu anapezeka ndi vuto lomwe linkafufuzidwa, ndipo anawapatsa mankhwala a gulu lina. Gentamicin akanatha kuwagonthetsa kwa moyo wawo wonse.

Mmene izi zimachitikira n'zoyenera kuzifotokoza modekha. M'selo la munthu muli tizigawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria. Tizigawoti tili ndi DNA yakeyake, yapadera ndi ija yaikulu ya pakati pa selo, ndipo ndi yaifupi: zilembo 16,569 basi. Asayansi amati kalekale tizigawoti tinali mabakiteriya odziimira paokha amene analowa m'maselo n'kukhazikikamo, n'chifukwa chake timakina take topangira mapuloteni timafananabe ndi ta mabakiteriya. Gentamicin naye amapha bakiteriya pomatirira pa timakina tomweti, mpaka bakiteriyayo amayamba kupanga mapuloteni olakwika n'kufa. Mwa anthu ambiri, timakina ta mu mitochondria tinasiyana mokwanira ndi ta bakiteriya moti mankhwalawo satigwira kwenikweni. Koma mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 500, pa malo a nambala 1555, chilembo A chinasinthana ndi G. Chilembo chimodzi chokhacho chimabwezeretsa maonekedwe akale aja, ndipo gentamicin amamatirira pamene sanayenere kumatirira, ngati msampha wa khoswe umene wagwira mwanapiye. Oyamba kufa ndi maselo a timaubweya ta mkati mwa khutu, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Khutu limodzi lili ndi maselowa pafupifupi 15,000, ndipo akafa saphukanso. Jakisoni mmodzi, wa mlingo woyenera, wobayidwa mosamala, atha kukwanira.

Mitochondria munthu amatengera kwa mayi ake okha. Mayi amene ali ndi chilembo chosinthikachi amapatsira ana ake, aamuna ndi aakazi omwe, koma mwana wamwamuna sapatsira ana ake. Amalume atha kukhala nacho, ana a amalumewo alibe. Choncho namwino wodziwa nkhaniyi akamafunsa mbiri ya pabanja amatsata mbumba: agogo aakazi, amayi aang'ono, ana awo. Munthu wokulira m'banja la chikamwini sangasochere pa mzere umenewu. Ndipo mwana mmodzi akapezeka nacho, ndiye kuti abale onse a kuchikazi ayenera kudziwitsidwa, chifukwa streptomycin, kanamycin ndi amikacin, majakisoni amene odwala TB ankawadziwa bwino, ndi a gulu lomweli.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi mauthenga amene akumayenda pa WhatsApp pakati pa anzathu, ena okhala ku Britain komweko, ochenjeza amayi kuti asalole khanda lawo "kuyezedwa DNA" kuchipatala. Ena akuti ndi njira yobisa yofufuzira ngati mwana ali wa bambo wa pakhomopo. Ena akuti magazi a mwanayo amasinthidwa. Zimandipweteka mtima, chifukwa onenawo sanadzivutitse n'komwe kufunsa chimene chikuyezedwa. Makina a ku Manchester aja amawerenga chilembo chimodzi, pa DNA yochokera kwa mayi yekha. Za bambo mulibemo ngakhale pang'ono, kaya bamboyo ndi wa pakhomopo kaya wa kutsidya. Ndipo thonje lopukuta m'kamwa lingasinthe bwanji magazi a munthu? Limatenga, silisiya kanthu. Kuno kwathu tinaona mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe kumene mphekesera za anamapopa zinatifikitsa: anthu anaphedwa. Mphekesera ya tsopanoyi siponya miyala, koma itha kusiya mwana asakumva mawu a mayi ake.

Chilungamo chake n'chakuti kuyeza kwina, kowerenga DNA yonse ya mwana pamodzi ndi ya makolo onse awiri, kumatha kuonetsa kuti bambo si womubereka. Zimenezi makolo amayenera kuuzidwa asanavomere, ndipo wowauza ayenera kukhala munthu amene anaphunzira kuyankhula nkhani yolemera chotere.

Apa ndi pamene pakulowa nkhani ya maphunziro. Ntchito yoyamba yowerenga DNA yonse ya munthu inalengezedwa kuti yatha mu 2003, pamene madokotala, azamba ndi ogawa mankhwala ambiri amene ndi akuluakulu m'zipatala lero anali atatuluka kale kusukulu. Mu 2012 nduna yaikulu ya Britain David Cameron inalengeza 100,000 Genomes Project, ntchito yowerenga ma DNA athunthu 100,000 a odwala ndi abale awo, ndipo chiwerengerocho chinakwana mu December 2018. Zotsatira zinayamba kufika m'mafaelo a odwala, koma woziwerenga pa wodi anali wosowa. Kutseka wodi kuti anamwino akakhale chaka ku yunivesite sikukanatheka. Ndiye mu 2015 bungwe la Health Education England, lomwe tsopano linalowa mu NHS England, linayamba kulipirira ogwira ntchito m'zipatala maphunziro a Genomic Medicine m'mayunivesite monga Cambridge, Exeter, Birmingham, Manchester ndi Imperial College London, munthu ali pantchito.

Maphunzirowa anawadula zidutswazidutswa. Munthu atha kutenga phunziro limodzi lokha, monga la mmene DNA imakhudzira mankhwala, la khansa, la matenda opatsirana kapena la uphungu, n'kulekera pomwepo. Akasonkhanitsa makirediti 60 amalandira satifiketi, 120 dipuloma, 180 digiri ya Master's, imene wophunzira ali pantchito amaimaliza pa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Amapempha kuntchito masiku angapo a kalasi, zotsalazo amawerenga atachoka pa shifiti, ana atagona. Anamwino a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene akugwira ntchito mu NHS, zipatala za boma za ku Britain, ndi ambiri ndithu, ndipo khomo limeneli ndi lawonso. Ine ndimaona kuti woyenera kuyamba kutumizidwa si katswiri wa ku labotale, amene zambiri akuzidziwa kale, koma mzamba ndi wogawa mankhwala, chifukwa ndi iwo amene mayi amawafunsa pamene dokotala watuluka. Kuyambira mu 2020, odwala khansa ku England amayezedwa kachigawo ka DNA kotchedwa DPYD asanalandire fluorouracil kapena capecitabine, popeza ena matupi awo sachotsa mankhwalawa ndipo amatha kufa nawo. Wosintha mlingo pa pepala ndi munthu, ndipo ayenera kudziwa chimene akuwerenga.

Vuto limodzi ophunzira a khungu lakuda amakumana nalo msanga. Mwa anthu 10 alionse amene DNA yawo inalowa m'mafukufuku akuluakulu, pafupifupi 8 ndi ochokera ku makolo a ku Ulaya, pomwe DNA ya anthu a mu Africa ndi imene ili yosiyanasiyana kuposa ya kwina kulikonse. Zotsatira zake tinazimva m'matupi mwathu. Amene anamwapo ma ARV okhala ndi efavirenz akukumbukira chizungulire ndi maloto oopsa. Ambiri ankangouzidwa kuti alimbe mtima, azolowera. Chonsecho kachigawo ka CYP2B6, kamene kamathandiza chiwindi kuswa mankhwalawa, mwa anthu ambiri a kuno kamagwira ntchito pang'onopang'ono, moti mamiligalamu 600 aja ankaunjikana m'magazi. Pulofesa Collen Masimirembwa wa ku Harare ndi mmodzi mwa amene anatsata nkhaniyi kwa zaka zambiri. Malawi anayamba kusiya efavirenz n'kusamukira ku dolutegravir mu 2019. Ndondomeko ya H3Africa yofufuza DNA ya anthu a mu Africa, imene inayamba mu 2010, inabalanso maphunziro a pa intaneti a anamwino a mu Africa, owachita ali pantchito pomwepo, kuti zitsanzo za m'kalasi zikhale za odwala athu.

M'zipatala za kuno gentamicin, pamodzi ndi penicillin, ndiye woyamba kubayidwa kwa khanda lokayikiridwa kuti m'magazi mwalowa tizilombo, ndipo wapulumutsa ana osawerengeka. Mayi asamukane chifukwa chowerenga nkhaniyi, pakuti matendawo amapha m'maola ochepa. Koma ngati kuchikazi kwanu alipo amene anagontha atangobayidwa majakisoni, kaya a TB kaya ali khanda, auzeni azamba muli kusikelo, ndipo muwapemphe kuti alembe m'buku lanu la kuchipatala.