Nkhokwe ya Mafayilo

Mwana akabwereka buku ku laibulale ya ku Woolwich, dzina la bukulo ndi tsiku lolibweza zimalembedwa m'kompyuta. Zolembazo zimasungidwa m'kompyuta ina yamphamvu yotchedwa seva, imene imagwira ntchito usana ndi usiku. Masukulu, zipatala ndi mabanki amadaliranso maseva. Komatu seva ndi makina chabe. Itha kuwonongeka, kupsa ndi moto kapena kuthyoledwa ndi mbava za pa intaneti. Zikatero, mafayilo onse angathe kusowa tsiku limodzi.

Kumudzi ku Malawi, mlimi wanzeru sadya chimanga chonse chimene wakolola. Amapatula chimanga chambewu n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Akatswiri osamalira maseva amachitanso chimodzimodzi. Amakopera mafayilo onse n'kuwasunga padera, kuti oyambawo akawonongeka pakhale potengera ena.

Akatswiri ambiri pogwira ntchitoyi sadina zithunzi ayi. Amalemba malamulo achidule, ndipo kompyuta imawamvera. Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi tar. Inatuluka mu 1979 ku Bell Labs, m'dziko la America, nthawi imene mafayilo ankasungidwa pa matepi. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa mafayilo ambirimbiri n'kuwamanga mtolo umodzi, monga mmene mayi amamangira nkhuni. Lamulo lake likhoza kuoneka motere:

tar -czf nkhokwe.tar.gz sukulu

Chilembo c chikuuza kompyuta kuti ipange mtolo watsopano. Chilembo z chikutanthauza kuti mtolowo ufinyidwe kuti usadye malo ambiri. Chilembo f chikusonyeza kuti mawu otsatira ndi dzina la mtolo. Mawu omaliza, sukulu, ndi foda imene ikukoperedwa. Pofuna kuona zimene zili mu mtolo, katswiri amaika t pamalo pa c. Pofuna kuumasula, amaika x.

Kumanga mtolo kokha sikokwanira. Mu 1998, kampani ya Pixar ya ku California inali kupanga filimu ya Toy Story 2. Tsiku lina lamulo lofufuta mafayilo linalembedwa pamalo olakwika, ndipo gawo lalikulu la filimuyo linafufutika. Ogwira ntchito anathamangira ku mafayilo amene ankasunga padera, koma anapeza kuti nawonso sanali bwino. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamwayi, mmodzi wa akatswiri awo, mayi Galyn Susman, ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi mwana wakhanda, ndipo m'kompyuta yawo munali mafayilo a filimuyo. Kompyutayo anaikulunga m'mabulangete n'kuinyamula pagalimoto mosamala kwambiri. Filimuyo inatuluka mu 1999.

Nkhaniyi ikuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mtolo uyenera kumasulidwa nthawi ndi nthawi kuti zitsimikizike kuti mafayilo ali bwino. Chachiwiri, mtolo usamasungidwe m'seva yomweyo kapena m'nyumba yomweyo, chifukwa nkhokwe yogundana ndi nyumba imapsera limodzi ndi nyumbayo. N'chifukwa chake akatswiri amatsata lamulo la 3-2-1. Lamuloli limati fayilo iliyonse ikhale m'malo atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo malo amodzi akhale kutali.

Ophunzira nawonso angayambe ndi zinthu zazing'ono. Zithunzi za ulendo wa ku Dedza, kapena mawu a agogo akusimba nthano, zikangokhala m'foni imodzi zimakhala pa ngozi. Foniyo ikagwera mu mtsinje wa Thames, zonse zapita, ndipo mawu a agogo sagulidwa m'sitolo. Ndi bwino kupempha makolo kuti azikopere pa kompyuta ndi pa fulashi, kenako azitsegule n'kuona ngati zakoperedwadi.

Mafunso

1. Kodi seva n'chiyani?
2. Kodi pulogalamu ya tar imagwira ntchito yanji?
3. Fotokozani tanthauzo la chilembo x mu lamulo la tar.
4. Kodi mwambi wa nkuyu ukugwirizana bwanji ndi zimene zinachitika ku Pixar?
5. Tchulani zinthu ziwiri za pabanja panu zimene zikufunika kusungidwa m'malo atatu.