Za Mazenera m'Nyengo ya Chisanu

Inu eni nyumba a ku Dedza ndi ku Bembeke, kumene chisanu cha Juni ndi Julayi chiluma koopsa, mwatifunsa za mazenera.

Kodi tichotse zenera lonse? Iai. Ngati matabwa ake sanadyedwe ndi chiswe, sinthani galasi losweka lokha, nimumate mipata ya m'mbali, pakuti mphepo ilowera pomwepo.

Nanga ku maiko ozizira kwambiri, monga Canada? Kumeneko aika magalasi awiri, nasiya mpweya pakati pao. Mpweyawo ndiwo uletsa kutentha kuthawira kunja.

Koma chenjerani, abale. Mukatseka ponse, mbaula ya makala itulutseni musanagone. Mpweya woipa wa makala ulibe fungo, ndipo ukhoza kupha banja lonse lili m'tulo.